Mwala wa Maziko pa Manda a Lingisoni

Dziko la Tikadzatha linali ndi fakitale ya simenti yaikulu kuposa ya dziko lililonse loyandikana nalo, ndipo wokayikira ankapita naye kukadzionera yekha. Inali ku Fumbilokha, m'tsinde mwa phiri la miyala ya njereza, ndipo chumuni chake chinkaoneka munthu akadali kutali. Mfumu Chimangamanga, mwini dzikolo, inkaikonda fakitaleyo kuposa ena mwa ana ake. Alendo akabwera sinkawafunsa n'komwe za ulendo, inkangowakweza galimoto kuti akaone chumuni.

Chaka ndi chaka Nduna ya Simenti ndi Zolimba, Olemekezeka a Gwedeza, ankaimirira m'bwalo la mfumu ku likulu la Mawamawa, n'kukonza tayi, n'kulengeza kuti fakitaleyo ili ndi mphamvu yotulutsa matumba mamiliyoni, okwanira kuwaka dziko lonse mpaka nkhuku kusowa popalasa. Nduna zinzawo zinkaomba m'manja. Za mphamvuzo ankanena zoona. Koma ng'anjo ya simenti imadya magetsi, ndipo magetsi a ku Tikadzatha ankafika ngati mkamwini waulesi kumunda, mochedwa, n'kuweruka msanga. Palibe amene anafunsapo m'bwalomo kuti nanga matumba amene atulukadi ndi angati, chifukwa wofunsa zotere sankaitanidwanso ku phwando.

Komabe tisainamizire fakitale, simenti inkatuluka ndithu. Nkhani inali pa kumene inkapita.

Anthu a ku Tikadzatha anali ndi mwambo umene ankaulemekeza kuposa Khirisimasi. Ntchito iliyonse ya boma inkayamba ndi mwala wa maziko, chipilala cha simenti cholembedwa dzina la mfumu, chimene ankachivundukula nsalu pamaso pa anthu, gule ndi nyama zili pomwepo. Ndipo ntchito iliyonse inkatheranso pomwepo. Nduna ikasinthidwa, yatsopanoyo inkakana kuyendetsa ntchito pa mwala wa mnzake, inkaika wake pambali pake. Pa mtsinje wina miyala ya maziko a mlatho inachuluka mpaka anthu anayamba kuwoloka podumpha pa miyalayo, ndipo boma linalengeza kuti mlathowo watha. Simenti yonse ya ku Fumbilokha inkathera m'miyala imeneyi.

Ndiye mukapita pa msika wa Kulibetu kukafunsa simenti, ogulitsa ankakuyang'anani mwachisoni ngati mwafunsa za munthu amene anamwalira kale. Wina anapachika thumba lopanda kanthu pakhomo pa sitolo yake kuti, mwa kunena kwake, achinyamata azidziwa mbiri ya dziko lawo.

Pa msika umenewu pankagulitsa zigumu ndi thobwa mayi wina wamasiye, Felesiya Nagama. Mwamuna wake, Lingisoni, anakhala moyo wake wonse akusenza matumba ku fakitale mpaka fumbi linamutseka chifuwa. Anamuika m'mphepete mwa manda a mudzi wa Khalachete, pafupi ndi msewu, ndipo zaka zinadutsa mandawo akadali mtumbira wadothi. A Yotamu, akulu ake a malemuyo, ananena poyera kuti sadzamusudzula Felesiya kuti akwatiwenso mpaka mbale wawo atamangiridwa chiliza. Ankati n'chamanyazi kuti munthu amene anafa ndi simenti m'mapapo agone wopanda simenti pamwamba, ndipo pamenepa, ngakhale anali munthu wovuta, sankalakwa.

Koma Felesiya anali ndi womuyembekezera. Pansi pa mtengo wa mango, moyang'anana ndi benchi yake, pankakhala a Dafuleni, osoka nsapato, munthu wofatsa amene ankagula thobwa ngakhale alibe ludzu.

"Nagama," anatero a Dafuleni tsiku lina, maso ali pa nsapato, "alongo anga atumizanso uthenga. Akuti kumudzi kuli mayi wina wodziwa kulima, ndipo alibe alamu ovuta."

"Ndiye mwawayankha kuti chiyani?"

"Ndati ndimalize kaye nsapato za anthu. Koma nsapato zimatha, Nagama. Dzinja likubwerali likangotha, ndilibenso chonamizira."

Felesiya ankawakonda ndithu a Dafuleni, ndipo anali atafika msinkhu woti mwayi wotere sungabwerenso kawiri. Pamsewu pankadutsa malole a ku fakitale, ofunda matenti, akuthamangira ku gule wina. Anawayang'ana mpaka fumbi linatha, kenako anamanga chitenje chake chabwino, ulendo wa ku Mawamawa.

Anafika tsiku limene anthu wamba ankaloledwa kukadandaula, ndipo anamukhazika pakhomo pa bwalo kuti adikire. Mkatimo nduna zinkakambirana za kusowa kwa simenti komweko, pakuti madandaulo anali atafika mpaka kwa akazi a mfumu, amene khitchini yawo inkadontha. Atakangana m'mawa wonse, anagwirizana chimodzi, kuti mankhwala a kusowa kwa simenti ndi kumanga fakitale yachiwiri, yaikulu kuposa yoyambayo. Onse anaimirira n'kuomba m'manja. Kenako Nduna ya Malo inatsokomola.

"Mwinidziko," inatero, "maganizo ndi abwino, koma mwala wa maziko tiuika pati? Mabwalo a mpira onse adzaza. M'minda anthu ayamba kudandaula kuti makasu akuthera pa miyala yathu, ndipo ena afika pofuna chipukuta misozi."

Bwalo linazizira. Fakitale yopanda simenti ankaidziwa, koma fakitale yopanda mwala wa maziko inali chinthu chachilendo.

Ndi nthawi imeneyo pamene anamulowetsa Felesiya. Anagwada, n'kufotokoza za Lingisoni, za a Yotamu ndi za chiliza, ndipo anapempha matumba ochepa chabe. Za a Dafuleni sananene, chifukwa zina si za m'bwalo.

"Mayi," anatero a Gwedeza mokoma mtima, "simenti ndi ya tsogolo. Amuna anuwo, pepani, ali m'mbuyo. Komanso lamulo likuti simenti ya dziko lino isathiridwe paliponse pamene palibe dzina la mfumu ndi nsalu yovundukula."

Felesiya anadzuka kuti azipita. Atafika pakhomo anaima, anaganiza pang'ono, n'kubwerera kudzagwadanso.

"Pepani mabwana, ndinamva ndili panjapo kuti mukusowa malo. Kwathu kulipo pabwino, pafupi ndi msewu, pamthunzi."

"Ndi pa ndani?" inafunsa Nduna ya Malo.

"Ndi pamene agona amuna angawo, bwana."

Nduna zinayang'anana. Kenako Nduna ya Malo inasendeza mpando wake kutsogolo.

"Anthu a kumeneko amadandaula?"

"Sindinawamvepo, bwana."

"Nanga chipukuta misozi?"

"Misozi tinapukuta kale tokha."

Apa mfumu, imene inkaoneka ngati ikuwodzera, inatsegula maso. "Amenewo," inatero, "ndiwo anthu amene ndakhala ndikuwafuna chikhalireni pa mpando uno."

Sabata isanathe lole ya simenti inaima ku Khalachete. Amisiri a boma anazolowera kumanga miyala yoimirira, koma Felesiya anawafikira ndi chidebe cha thobwa n'kuwafotokozera kuti fakitale yaikulu chotero imafuna mwala wogona, wautali ngati bedi, wokwera pang'ono kumutu. Amisiriwo sanatsutse. Ankaona okha kuti aima pamanda, ndipo nawonso anali ndi abale awo ogona pansi pa dothi lokhalokha, choncho anasakaniza simenti yabwino imene sanaisakanizepo pa mwala wa boma.

Tsiku la gule anthu anadzaza mpaka mumsewu. A Gwedeza analankhula mpaka dzuwa linapendeka. Anati fakitale yachiwiriyi ikadzatha, dziko la Tikadzatha lidzakhala ndi mphamvu yotulutsa simenti yochuluka moti maiko ena adzabwera kudzapempha chogwada, ndipo mwana aliyense adzabadwira pa simenti. Akuluakulu a m'mudzimo anavula zipewa n'kuweramitsa mitu, ndipo mfumu inasangalala kuona ulemu wotere, osadziwa kuti zipewazo anavulira wina. Kenako inakoka nsalu, ndipo panaoneka malemba akuluakulu akuti MWALA UWU WAIKIDWA NDI MFUMU CHIMANGAMANGA.

A Yotamu anasendera kwa Felesiya. "Mlamu," ananong'ona, "dzina la mng'ono wanga lili pati? Ichi si chiliza chimene tinapangana."

"Mukuti bwanji, alamu?" anafunsa Felesiya mokweza ngati munthu wogontha. "Mukuti dzina lili pamenepali silikukukwanirani?"

Msilikali wa mfumu amene anaima chapafupi anatembenuka pang'onopang'ono.

"Ayi, ayi," anatero a Yotamu. "Ndimati ndi dzina lokongola. Malemba akenso ndi owongoka."

Koma msilikaliyo atachoka, a Yotamu anabwezera. "Mwandichenjerera, mlamu. Chabwino. Koma miyala ya mfumu timaidziwa, imang'aluka mipando ya gule isanabwezedwe. Uwu ukadutsa dzinja lonse osang'aluka, ndidzati ndi chiliza, ndipo ndidzakusudzulani. Ukangong'aluka, tiyambirenso."

A Yotamu ankadziwa chimene ankanena. Aliyense ku Tikadzatha, ngakhale nduna zomwe, ankadziwa kuti simenti yatsopano imafuna kuthiriridwa madzi kuti ikhwime. Koma kuthirira kulibe gule, kulibe nyama, ndipo palibe amajambula munthu akuthirira. Nsalu ikangovundukulidwa palibe ankabwereranso, mwala n'kumapsa ndi dzuwa wokha mpaka kuchita ming'alu.

Felesiya ankabwerera. M'mawa uliwonse asanapite ku msika ankafika ndi ndowa pamutu, kuthirira mwalawo, kuufunditsa udzu, kusesa mozungulira. Anadzalapo maluwa. Nthawi zina ankagwada n'kumamuuza Lingisoni nkhani za pa msika, ndipo akakumbukira mmene ankatsokomolera, ankalira. Mvula inabwera yamphamvu chaka chimenecho. M'dziko lonse miyala ya masukulu, ya zipatala ndi ya mabwalo a ndege inanyenyeka ngati chigumu chogonetsa, koma wa ku Khalachete unangoti nji.

Ku Tikadzatha chinthu cha boma chikalimba chimakhala nkhani, ndipo nkhaniyo inafika ku Mawamawa.

"Ndamva," inatero mfumu m'bwalo, "kuti pali mwala wanga umene sunang'aluke. Ndamvanso kuti pali mayi amene amagwada pamenepo m'mawa uliwonse n'kumalira."

"Ndi misozi ya chimwemwe, Mwinidziko," anafulumira kunena a Gwedeza. "Akulirira chitukuko."

Mfumu inapukuta m'maso ndi mkono wa mkanjo. "Anthu ondikonda chotere sindingawanamize. Pamenepo timangedi. Mvula ikangokata, zimakina zipite zikakumbe."

Palibe anaomba m'manja. Nduna ina inayamba kuseka poganiza kuti ndi nthabwala, ndipo itaona nkhope ya mfumu inasandutsa kusekako chifuwa.

Uthengawo unafika pa msika wa Kulibetu tsiku lomwelo. Ogulitsa tomato ankati dziko latha, boma layamba kuchita zimene lanena. Koma Felesiya sanaseke nawo. A Yotamu anabwera mpaka pa benchi yake, ndodo ikugunda pansi.

"Mwagulitsa mng'ono wanga, mlamu. Mafupa ake akangofukulidwa, za kusudzula muiwale mpaka inunso mudzalowe m'manda."

Pansi pa mtengo wa mango a Dafuleni anali atayamba kubweza nsapato kwa eni ake, ndipo zatsopano sankalandiranso. Felesiya ankaona mulu wa nsapato ukuchepa tsiku ndi tsiku, ndipo mitambo nayo inkachepa. Anachita mantha kwambiri. Pofuna kupezera mwamuna wake chiliza anali atamuitanira zimakina, ndipo tsopano akanataya onse awiri, wakufa ndi wamoyo yemwe.

Anabwereranso ku Mawamawa, ulendo uno ku ofesi ya a Gwedeza. Ankayembekeza kuthamangitsidwa, koma nduna inamulowetsa yokha n'kutseka chitseko. Inali itaonda moti kolala ya malaya inkagwedera m'khosi.

"Mayi, mwatiika m'madzi," anatero a Gwedeza. "Mukudziwa kuti fakitale imamangidwa ndi chiyani? Ndi simenti. Yonse ya ku Fumbilokha ithera pamenepo zaka ndi zaka. Ndiye miyala ya maziko tiziumba ndi chiyani? Popanda miyala palibe gule, ndipo popanda gule mfumu iyamba kufunsa kuti ife timagwira ntchito yanji."

"Ndiye musamange, bwana."

"Kumanga kwakenso timakudziwa? Ine ndakalamba ndikuvundukula nsalu. Chimene chimabwera pambuyo pa nsalu sindinachionepo." Anatsegula kabati n'kutulutsa hamala. "Tithandizane, mayi. Kamng'alu kamodzi kokha. Mfumu ikamva kuti wang'aluka ngati inzake, mtima ukhala pansi, iiwala."

"Ukang'aluka alamu anga sandisudzula."

"Ukapanda kung'aluka amuna anu afukulidwa."

A Gwedeza anaika hamala ija pa tebulo pakati pawo. Kenako Felesiya anayamba kulira, ndipo ulendo uno sinali misozi ya chitukuko.

"Inu anthu mulibe chisoni," anatero. "Mwala umodzi wokha m'dziko lonse umene wakhalitsa, ndiye inu mukuti hamala, mfumu ikuti zimakina. Onse mukungofuna kuuphwanya."

A Gwedeza anadzutsa mutu. Anayang'ana hamala ija, anayang'ana mayiyo, ndipo nkhope yawo inayamba kuwala pang'onopang'ono. Anabweza hamala m'kabati, n'kukonza tayi.

M'mawa mwake anaimirira m'bwalo. "Mwinidziko, zimakina zakonzeka, madalaivala adya kale. Pangotsala kanthu kamodzi. Kuti tikumbe maziko, tiyenera kuyamba taphwanya mwala uja, ndipo pamwalapo pali dzina lanu. Ndiye ndimati bwalo lino lisankhe munthu woti akakhale woyamba kumenya dzina la mfumu ndi hamala."

Manja onse analowa m'matumba nthawi imodzi. Nduna ya Asilikali inayamba kuyang'ana kudenga. Mfumu inaona m'maganizo dzina lake lili zidutswazidutswa m'wilibala.

"Amene akhudze mwala umenewo," inatero pomaliza, "adzaona chimene sanachione."

Tsiku lomwelo linatuluka lamulo lakuti mwala wa ku Khalachete ndi chuma cha fuko, usasunthidwe mpaka muyaya. Fakitale yachiwiri idzamangidwa kwina, malo akadzapezeka, ndipo idzayamba ndi mwala wa maziko monga mwa mwambo. Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhato kuwawa, ndipo kwa nthawi yoyamba zinkaomba mochokera pansi pa mtima.

Boma la Tikadzatha likafuna kutchinga chinthu silichedwa. Mvula isanakate n'komwe, mwalawo unali utazunguliridwa ndi mpanda wa waya, geti lachitsulo ndi kanyumba ka mlonda. Munthu wamba analetsedwa kulowa, kukhudza, kusesa kapena kuthira madzi.

A Yotamu anabwera kudzaona, n'kuzungulira mpandawo manja ali kumbuyo. Ming'alu panalibe. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana kanyumba ka mlonda.

"Mng'ono wanga anagona m'nyumba yopanda chitseko moyo wake wonse," anatero, "lero ali ndi geti ndi mlonda. Mlamu, ndilibenso mawu. Ndinu womasuka."

Anamusudzula pamaso pa abale monga mwa mwambo, ndipo madzulo ake a Dafuleni anaoneka akuyenda mumsika kufunsa ngati pali amene ali ndi nsapato yong'ambika.

Kunatsala chinthu chimodzi. Asanalowe m'nyumba ya mwamuna wina, Felesiya anafuna kukatsanzika kwa Lingisoni, kumuuza yekha ndi pakamwa pake kuti akupita, asadzamve kwa anthu. Anapita m'mawa. Pageti anapeza mlonda wachikulire wa yunifolomu yatsopano, wochokera kuchigawo china, amene sankadziwa aliyense wa m'mudzimo.

"Kulowa ayi, mayi," anatero mlondayo. "Muli ndi chilolezo cha ku Mawamawa?"

"Ndingofuna ndigwade pang'ono pambali pakepo, bambo. Sindichedwa."

"N'zoletsedwa. Oonerera amaima kuno."

Felesiya anaima kunja kwa waya. Maluwa amene anadzala anali atayamba kufota, ndipo masamba anali atagwera pamwalapo popanda wowasesa. Mawu onse amene anakonza m'njira zinali zosatheka kuwanena mofuula, mlendo ali pambali. Anagwira waya ndi manja awiri n'kuyamba kulira mwakachetechete.

Mlondayo anasowa mtendere. Anauzidwa za akuba ndi za mbuzi, koma za olira sanauzidwe.

"Mayi, mukulirira ndani?"

Felesiya anayang'ana yunifolomu, anayang'ana malemba a pamwala paja. "Mfumu," anatero.

"Koma mayi," anatero mlondayo motsitsa mawu, ngati wopereka uthenga wotonthoza, "mfumutu ili moyo."

"N'chimene ndikulirira, bambo."

Mlondayo anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja. Mumsewu munalibe munthu. Anavula chipewa, anachigwira pachifuwa, n'kuima pambali pa mayiyo.